Ndaloweza mabatani a Vim, koma ndikakhala pa kiyibodi onse amandithawa

Funso: Akulu, ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a kompyuta ndipo ndangoyamba ntchito yophunzirirapo pa kampani ina yaing'ono. Amandituma kukonza mafayilo a pa seva kudzera pa SSH, njira yolowera pa kompyuta yakutali. Kumeneko kulibe VS Code, pulogalamu yolembera code imene ndinazolowera, kuli ina yotchedwa Vim basi, yoyendetsedwa ndi kiyibodi. Tsiku loyamba ndinakodwa m'kati mwake osatha kutuluka, mpaka ndinangotseka windo lonse anzanga akuseka. Ndinasindikiza pepala la mashotikati oposa 100 n'kulimata pakhoma. Ndaliwerenga masabata atatu, koma ndikakhala pa kiyibodi palibe chimene ndimakumbukira. Ndiloweze bwanji? Kapena ndingozisiya n'kumagwiritsa ntchito nano, pulogalamu ina yosavuta yokonzera mafayilo?

Yankho: Achimwene, pepala lija limatuleni pakhoma, mulipinde bwinobwino, muliike m'dirowa. Silinalakwe, kungoti nthawi yake sinakwane. Mutu wanunso uli bwino. Chimene chachitika n'chakuti mwakhala mukuloweza Vim ngati mndandanda wa manambala a foni, chonsecho mabatani ake anakonzedwa ngati chilankhulo, chokhala ndi aneni ake ndi malamulo ake olumikizira mawu. Ndifotokoza zimenezi bwino, koma tiyambe ndi chimene chinakuchititsani manyazi.

Potuluka, dinani `Esc`, lembani `:q!`, kenako `Enter`. Mwatuluka, ndipo zonse zimene munasokoneza zatayidwa, fayilo yatsala mmene inalili. Ngati mukufuna kusunga zimene mwasintha, lembani `:wq` m'malo mwake. Mukalemba `:q` yokha mutasintha kanthu, Vim imakana n'kukuuzani kuti simunasunge. Mfuuliro uja ndiwo umaiuza kuti mukudziwa ndipo mwasankha kutaya. Anzanu amene anakusekani aja nawonso anakodwapo. Mu 2017 funso lofunsa katulukidwe ka mu Vim pa Stack Overflow, webusayiti ya mafunso a olemba mapulogalamu, linafika poonedwa ka 1 miliyoni, ndipo ena mwa anthu amenewo sanalowemo mwadala, anaponyedwamo ndi Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa code, atalemba `git commit`.

Chimene chinakukolani ndi magiya. M'mapulogalamu onse amene munazolowera, mukadina d pamatuluka chilembo d. Vim ikatseguka imakhala m'giya yolamulira, yotchedwa Normal mode, mmene batani lililonse ndi lamulo: d ndi kufufuta, u ndi kubweza, x ndi kuchotsa chilembo chimodzi. Kuti mulembe mawu muyenera kulowa giya ina, Insert mode, podina `i`, ndipo pansi pa sikirini pamaoneka mawu okuuzani kuti mwalowa. `Esc` imakubwezerani m'giya yolamulira. Ophunzira ambiri amadina `i` akangotsegula fayilo n'kukhazikika momwemo mpaka madzulo, akuyenda ndi mabatani a mivi, ndipo akatero Vim imasanduka nano yovuta kugwiritsa ntchito. Insert mode ndi kwa eni, mumangopitako kukacheza. Mukamaliza kulemba chiganizo kapena mzere wa code, dinani `Esc` nthawi yomweyo, ngakhale musakudziwa chimene muchite kenako. Mukasokonezeka, osadziwa giya imene muli, dinani `Esc` kawiri, sipamawonongeka kanthu.

Mwina mukufunsa kuti anapangiranji chinthu chokhota chonchi. Kholo la Vim ndi vi, imene Bill Joy anayamba kuilemba mu 1976 ali wophunzira ku University of California, Berkeley. Ankagwiritsa ntchito terminal (sikirini ndi kiyibodi zolumikizidwa ku kompyuta yaikulu) yotchedwa ADM-3A, imene inalibe mabatani apadera a mivi. Mivi inajambulidwa pamwamba pa zilembo h, j, k ndi l. N'chifukwa chake mpaka lero h ndi kumanzere, j ndi pansi, k ndi m'mwamba, l ndi kumanja. Batani la `Esc` pa kiyibodi imeneyo linali pamene pali `Tab` masiku ano, pafupi ndi chala chaching'ono, osati kungodya yakutali kumene tikulisaka ife. Ndiye panalinso vuto la kulumikizana: modemu ya 300 baud, imene imatumiza zilembo pafupifupi 30 pa sekondi. Sikirini ya mizere 24 ya zilembo 80 imatenga zilembo 1,920. Gawani nokha: kuijambulanso yonse kunkadya nthawi yoposa mphindi imodzi. Munthu wa pa makina otere sangamayendetse cursor, kachizindikiro koonetsa pamene muli pa sikirini, chilembo chimodzichimodzi n'kumadikira kuona pamene yafika. Amafuna kunena kamodzi kuti "fufuta mawu atatu" n'kusiya kompyuta ichite yokha. Tsiku limene mudzalowe pa seva kudzera pa hotspot ya foni netiweki ikukoka miyendo, chilembo chikuoneka patapita sekondi yathunthu mutachidina, mudzamumvetsa bwino mkuluyu.

Tsopano za chilankhulo zija. Inu mumalankhula Chichewa, ndiye muli ndi mwayi. Palibe amene analoweza "ndinamuona", "tidzawaona", "sanatione", "mukadandiona" aliwonse paokha ngati mawu osiyana. Mumadziwa tsinde -ona, mumadziwa tizidutswa ta munthu ndi ta nthawi, ndipo pakamwa pamalumikiza pokha, ngakhale mawu amene simunawamvepo chibadwire. Vim imagwira ntchito chimodzimodzi. Lamulo lake limakhala ndi mneni ndi pamtherankhani: chochita, kenako chimene chichitidwe.

Aneni oyambira nawo ndi atatu okha. `d` ndi fufuta. `c` ndi sintha, kutanthauza fufuta n'kundilowetsa m'giya yolembera. `y` ndi kopera. Apamtherankhani ndi mabatani omwewo amene mumayendera. `w` imakudumphitsani kupita poyambira liwu lotsatira, `b` imakubwezani liwu limodzi, `e` imakufikitsani pothera liwu, `0` ndi poyambira mzere, `$` ndi pothera mzere, `G` ndi pansi penipeni pa fayilo, `gg` ndi pamwamba penipeni. Mukadina `w` yokha mwayenda. Mukadina `dw` mwafufuta kuchokera pamene muli kufika pa liwu lotsatira. `cw` ndi kusintha liwu, `y$` ndi kukopera mpaka pothera mzere, `dG` ndi kufufuta chilichonse mpaka pansi pa fayilo. Nambala imalowa pakati ngati mmene timanenera kuti "mawu atatu": `d3w`. Mneni akabwerezedwa amagwira mzere wonse, motero `dd` imafufuta mzere, `yy` imaukopera, `cc` imausintha, ndipo `5dd` imachotsa mizere isanu. Zimene mwafufuta kapena kukopera mumazimata ndi `p`.

Werengani bwino: aneni atatu ndi mayendedwe asanu ndi awiri ndi zinthu 10 zoti mukumbukire, koma zikulumikizana m'njira 21, tisanawerengere manambala. Tsiku limene mudzaphunzire kayendedwe katsopano kamodzi, mudzakhala mwapeza malamulo anayi nthawi imodzi, kayendedweko ndi aneni ake atatu. Pepala lanu lija linalemba `dw`, `cw` ndi `yw` pa mizere itatu yosiyana ngati alendo osadziwana, n'chifukwa chake linatalika mpaka kupitirira 100.

Ndikuonetseni pa fayilo yeniyeni, yonga imene amakutumani kukonza. Muli mzere uwu:

`DB_HOST = "localhost"`

ndipo akuuzani kuti muikepo adiresi ya seva ina. Mmene mukuchitira pano ndikudziwa: `i`, muvi wakumanja kakhumi ndi kangapo, `Delete` kasanu ndi kanayi, n'kupitirira mwangozi mpaka kudya mtengero wotsekera, kenako pulogalamu yakana kudzuka. M'malo mwake, cursor ili paliponse pa mzerewo mitengero isanathe, dinani `ci"`. Werengani ngati chiganizo: sintha, m'kati mwa, mitengero. Mawu a localhost azimiririka, mitengero iwiri yatsala, cursor ili pakati pake ikudikira kuti mulembe. Lembani adiresi, `Esc`, mwatha. Kachilembo `i` kakabwera pambuyo pa mneni kamatanthauza "m'kati mwa", ndipo kamagwira pa zinthu zambiri: `ci(` imasintha za m'kati mwa mabulaketi, `diw` imafufuta liwu lonse ngakhale cursor ili pakati pa liwulo, `yip` imakopera ndime yonse. Mukaika `a` m'malo mwa `i`, chikutocho chimapita limodzi, moti `da"` imachotsa mawu ndi mitengero yake yomwe. Ine `ci"` ndi `ciw` ndimazidina kambirimbiri pa tsiku kuposa china chilichonse, ndipo ndinakhala zaka ziwiri mu Vim ndisanazidziwe chifukwa panalibe wondiuza.

Pali mabatani ena awiri a m'kati mwa mzere amene ndi ofunika kwa wolemba code, `f` ndi `t`. `f,` imakudumphitsani kufika pa mpatuliro woyamba kutsogolo kwanu. `t,` imaima chilembo chimodzi musanaufike. Tengani mzere wakuti `tumiza(nambala, uthenga, nthawi)`. Cursor ili pa n wa nambala, `ct,` imafufuta liwu la nambala n'kusiya mpatuliro uli pomwepo kuti mulembe dzina lina. `df,` imatenga ndi mpatuliro womwe. Simunawerenge zilembo, mwangotchula pamene lamulo likathere.

Ndiye pali kadontho. Batani la `.` limabwereza kusintha kumene mwachita komaliza, konse kathunthu, ndi mawu omwe munalemba. Tiyerekeze kuti dzina lakuti `user_id` liyenera kukhala `customer_id` m'malo asanu ndi limodzi mwa malo khumi amene likupezeka. Ikani cursor pa dzinalo, dinani `*` kuti Vim ilisake m'fayilo yonse, ikufikitseni pamene likupezekanso. Sinthani loyamba ndi `ciw`, lembani dzina latsopano, `Esc`. Kuchokera apo ndi `n` kupita pa lotsatira, `.` ngati likufunika kusintha, `n` kachiwiri ngati mukulidumpha. Zala ziwiri, maso ali pa code. Apa m'pamene chizolowezi chodina `Esc` msanga chimapindulira. Vim imawerenga chilichonse chimene mwachita kuyambira polowa m'giya yolembera mpaka potuluka ngati kusintha kumodzi. Mukakhalitsamo, kadontho kabwereza mulu wonse umene simukuufuna, ndipo `u` nayo idzabweza mulu wonsewo nthawi imodzi. Mukamatuluka pafupipafupi, `u` imabwerera sitepe imodzi yaing'ono, ndipo mukabweza mopitirira, `Ctrl+r` imakupititsaninso kutsogolo.

Za kayendedwe ka m'fayilo yaitali ndinena mwachidule. Musagwire `j` n'kumayang'ana mizere ikusefukira. Lembani `/` ndi mawu amene mukufuna, `Enter`, kenako `n`. Python ikadandaula za mzere 214, dinani `214G`, kapena tsegulani fayilo ndi `vim +214 app.py` kuti mufikire pomwepo. `%` imadumpha pakati pa bulaketi yotsegula ndi inzake yotseka. Polowa m'giya yolembera musadalire `i` yokha: `A` imakuikani pothera mzere, `I` poyambira, `o` imatsegula mzere watsopano pansi, `O` pamwamba.

Tibwere ku funso lanu lenileni, la kaphunziridwe. Pa terminal, windo lolemberamo malamulo lija, lembani `vimtutor`. Ndi phunziro limene limabwera ndi Vim yomwe, silifuna intaneti, limatenga pafupifupi mphindi 30, ndipo limakukakamizani kukonza ziganizo zolakwika ndi zala zanu m'malo mongowerenga. Lichiteni lero, mulichitenso mkucha, mudzalichitenso kachitatu sabata ikatha. Ulendo woyamba mutu ndi umene umaphunzira, wachitatu ndi zala. Pambuyo pake musaphunzirenso batani lililonse chifukwa choti lili pa mndandanda. Gwirani ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku ndi zochepa zimene mukudziwa, ndipo muzidzitchera khutu. Mukadzipeza mwadina batani limodzi kasanu motsatizana, kapena mtima ukukuuzani kuti apa ndiye ndikuchedwa, imani. Pamenepo pali lamulo limene simukulidziwa. Tsegulani dirowa, funsani pepala lija, kapena lembani `:help` ndi batani limene mukulikayikira. Lembani yankho pa kapepala kakang'ono, muike pansi pa sikirini. Kapepala kameneko kasapitirire zinthu zisanu, ndipo chinthu chikalowa m'zala chifufuteni kuti china chipeze malo. Batani limene mwaliphunzira litakukwiyitsani silichoka m'mutu, chifukwa limabwera ndi nkhani yake.

Ndikuchenjezeni kuti masabata awiri oyambirira mudzachedwa kuposa mmene munkachitira ndi mausi, ndipo dzanja lidzayabwa kufuna kubwerera. N'zachibadwa. Alipo amene amalangiza kutsekeratu mabatani a mivi kuti munthu akakamizike kugwiritsa ntchito h, j, k, l. Ine sindigwirizana nawo kwenikweni. Munthu amene wasiya kudina muvi wakumanja ka 20 n'kuyamba kudina `l` ka 20 sanaphunzire kanthu. Phindu lili pa `w`, `f` ndi `/`. Zilembo zinayi zija zimabwera zokha pambuyo pake, ndipo mudzazipezanso kwina: `less` yowerengera mafayilo ndi masamba a malangizo a `man` zimayenda ndi j ndi k, zimasaka ndi `/`.

Tsopano misampha, poti imeneyi ndi imene imathawitsa anthu ambiri kuposa kuiwala.

Zala zanu zinaleredwa ndi Windows, ndiye zidzadina `Ctrl+S` zokha kuti zisunge. Pa terminal zambiri, makamaka pa maseva akale, `Ctrl+S` ndi lamulo lakalekale loimitsa zotuluka pa sikirini. Chilichonse chimauma, mumaganiza kuti netiweki yaduka. `Ctrl+Q` imamasula. Samalani apa, chifukwa zonse zimene munadina mwamantha sikirini itauma zinkasungidwa, ndipo zimachitika nthawi imodzi ikamasuka. `Ctrl+Z` nayo sibweza kanthu. Imagoneka Vim n'kukuponyani panja pa terminal. Ntchito yanu sinatayike. Lembani `fg` ndipo ibwerera mmene munaisiyira.

Msampha wa `Caps Lock` unandigwira ine pamaso pa bwana. Ndinali kukonza fayilo ya zikhazikitso pa seva ya kampani ina imene ndinkagwirako ntchito, usiku, makasitomala akuimba foni. Ndinagunda `Caps Lock` osadziwa, n'kugwira j kuti nditsike. Mu Vim, `J` wamkulu amalumikiza mzere wapansi ku mzere umene muli. Ndinangoona fayilo ikudzimeza yokha, mizere makumi angapo ikukwera kudzalowa mumzere umodzi wautali ngati njanji. Ndinadina u kuti ndibweze, koma poti zilembo zinali zazikulu unali `U`, amene ndi lamulo lina, ndipo zinangosokonekera. Thukuta linatuluka ngakhale kunali kozizira. Chimene chinandipulumutsa ndi chakuti ndinali ndisanasunge: nditaona kanyali ka `Caps Lock`, ndinalizimitsa, `:q!`, n'kuyambiranso. Kuyambira tsiku limenelo ndisanakhudze fayilo ya pa seva ndimayamba ndalemba `cp fayilo fayilo.bak`. Vim ikayamba kuchita zamisala, yang'anani kaye kanyali kameneko.

Wina ndi wa `q`. Pofuna kutuluka mumaiwala timadontho tiwiri, mumadina `q` kenako chilembo china, ndipo pansi pamaoneka mawu akuti recording. Mwayamba kujambula mndandanda wa malamulo mosafuna. Dinani `q` kamodzi ndipo zisiya. Mukatembenuza n'kulemba `q:` m'malo mwa `:q`, pamatseguka kawindo kakang'ono ka malamulo anu akale, `:q` imakatseka.

Uwu wotsatirawu umazunguza ngakhale amene atha miyezi. Mwakopera mzere ndi `yy`, mwapita pamene mukufuna kuuika, mwafufuta mzere wakale ndi `dd`, mwadina `p`, ndipo pabwerera mzere womwe mwangofufutawo. Chifukwa chake n'chakuti `d` sitaya, imadula n'kusunga, ndipo `p` imamata chimene chasungidwa komaliza. Zimene munakopera sizinapite: `"0p` imazitulutsa. Njira yosavuta kwa woyamba ndi kumata kaye, kufufuta pambuyo. Khalidwe lomweli lili ndi ubwino wake, chifukwa `ddp` imatsitsa mzere pansi pa unzake, ndipo `xp` imakonza zilembo ziwiri zimene zasinthana malo.

Yang'ananinso kiyibodi yanu. Malaputopu ena ogula akale amene timagwiritsa ntchito anachokera ku Britain, ndipo kiyibodi ya kumeneko imaika mitengero pa `Shift+2` ndi @ pafupi ndi `Enter`, pamene ya ku America ili mosemphanitsa. Ngati kompyuta yakhazikitsidwa mwa chi America koma mabatani analembedwa mwa chi Britain, mudzadina `ci"` n'kumadabwa kuti palibe chikuchitika, chonsecho Vim yalandira `ci@`. Konzani zimenezi poyamba. Komanso ngati mivi ikutulutsa zilembo A, B, C, D muli m'giya yolembera, ndiye kuti mwatsegula kamtundu kochepetsedwa kamene Debian ndi Ubuntu zimabwera nako pa dzina la `vi`. Pemphani chilolezo kwa akuluakulu anu kuti muike yathunthu ndi `sudo apt install vim`. `vimtutor` nayo imabwera nthawi yomweyo.

Za magetsi sindingazisiye. Mukamalemba, Vim imasunga mwakachetechete kafayilo kobisika kothera ndi `.swp`, ndipo imakalemba mukadina zilembo 200 kapena mukapuma masekondi anayi. Magetsi akazima kapena SSH ikaduka musanasunge, mukadzatsegulanso fayiloyo mudzalandiridwa ndi chenjezo lalitali loyamba ndi E325. Ambiri amachita mantha n'kusankha chilichonse. Werengani. Likanena kuti pulogalamu imene inatsegula fayiloyo ikadali yamoyo, ndiye kuti mnzanu akuikonza kapena inu nomwe munaigoneka ndi `Ctrl+Z`, tulukani kaye. Ngati sichoncho, dinani `R` kuti ikubwezereni zimene munalemba, onani ngati zili bwino, sungani, tulukani, kenako mufufute kafayilo ka `.swp` kaja, apo ayi chenjezo lizibwera tsiku lililonse.

Nanga nano? Palibe tchimo. Malamulo ake analembedwa pansi pa sikirini, `Ctrl+O` kusunga, `Ctrl+X` kutuluka, ndipo ngati ntchito yanu ikanakhala kusintha mzere umodzi pa mwezi ndikanakuuzani kuti musadzivutitse. Koma inu mwanena kuti mukukhala pa maseva, ndipo vi ili m'gulu la zida zimene muyezo wa makina a Unix wotchedwa POSIX umatchula, motero mudzaipeza pafupifupi pa makina alionse a Unix kapena Linux, ngakhale pamene nano palibe. Kungodziwa zimene zili mu `vimtutor` n'kokwanira kuti musadzakodwenso. Ngati ndi Git yokha imene ikukuvutitsani pa laputopu yanu, `git config --global core.editor nano` imathetsa nkhani.

VS Code musaitaye, ndipo njira ya kapepala ka zinthu zisanu igwiritseninso ntchito kumeneko. Ndikanayamba ndi `Ctrl+P` kutsegula fayilo potchula dzina, `Ctrl+D` kusankha liwu lomwelo pamene likupezekanso, `Alt` ndi muvi wam'mwamba kapena wapansi kusuntha mzere, `Ctrl+/` kusandutsa mzere kukhala ndemanga, ndi `Ctrl+Shift+P` imene imakupezerani lamulo lililonse n'kukuonetsani shotikati yake pambali. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzaona `:wq` ndi `jjj` zikutulukira m'kati mwa code yanu ya mu VS Code, zala zitaiwala kumene zili. Nthawi imeneyo mukhoza kuikamo chowonjezera chotchedwa Vim kuti mabatani akhale amodzimodzi konsekonse. Musachiike lero.

Chimodzimodzinso mafayilo a `.vimrc` a anthu ena, mmene mumalembedwa zikhazikitso za Vim. Mudzaona pa YouTube anyamata a Neovim, nthambi ya Vim imene inayamba mu 2014, sikirini zawo zili mbee ndi mitundu, zowonjezera makumi asanu, ndipo mudzafuna kukopera zonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zikhazikitso za eni zimasintha ntchito za mabatani, ndiye mumaphunzira Vim imene ikupezeka pa laputopu yanu yokha, n'kukasowa chochita pa seva yopanda kanthu. Mizere itatu ikukwanirani pakadali pano: `syntax on` kuti code ikhale ndi mitundu, `set number` kuti mizere ikhale ndi manambala, ndi `set showcmd`. Wachitatuwu ndi mphunzitsi wabwino, chifukwa umaonetsa pangodya ya pansi lamulo limene mukulimanga lisanathe. Mukadina `d` mumaiona itaima pamenepo ikudikira pamtherankhani wake, mukawonjezera `3` mumaona `d3`, ndipo mukasintha maganizo `Esc` imachotsa.

Mukatsegula `vim` popanda dzina la fayilo mudzaona dzina la Bram Moolenaar, munthu wa ku Netherlands amene anatulutsa Vim mu 1991, poyamba pa kompyuta za Amiga, n'kuisamalira mpaka pamene anamwalira mu Ogasiti 2023. Sankagulitsa pulogalamuyi, ankapempha oigwiritsa ntchito kuti athandize ana ovutika a ku Kibaale ku Uganda, kumene iye anagwirako ntchito yodzipereka. Lembani `:help uganda` muone nokha, ndipo ikhale ntchito yanu yoyamba yoyeserera: tsikani ndi `j`, sakani liwu ndi `/`, tulukani ndi `:q`.

Ngati `Esc` ikukutalikirani, `Ctrl+[` imatumiza chizindikiro chomwecho ndipo imagwira pa makina alionse popanda kukonza kanthu. Ine pa laputopu yanga ndinasandutsa batani la `Caps Lock` kukhala `Esc`, pafupi ndi pamene linali pa kiyibodi ya Bill Joy, ndipo chifukwa china chimene ndinachitira zimenezo mwachimva kale.